Mwana wasukulu akayamba kufunsa za Mulungu, tisathamangire kuimba mlandu anzake

Pali mkangano womwe sutha pakati pa makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a zipembedzo, ndipo umakula kwambiri ana akabwera kutchuthi. Dandaulo lake limakhala limodzimodzi: mwana anapita kusekondale ali wopemphera, womvera, wosayankha akulu, koma patangotha chaka chimodzi kapena ziwiri wabwera ngati munthu wina. Tsopano akufunsa chifukwa chake banja limapemphera motere osati motero. Akunena kuti mnzake wa chipembedzo china ali ndi mtima wabwino kuposa anthu ena omwe amapemphera nawo. Tsiku lopembedza akuzengereza kudzuka, kapena wayamba kusonkhana ndi gulu la mapemphero la ophunzira lomwe makolo ake salidziwa. Zikatero wolakwa amapezeka msanga: "Amuwononga ndi anzake." Mankhwala ake nawonso ndi odziwika, timawamva pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, pa wailesi ndi m'maulaliki: mulekanitseni ndi anzakewo, mulandeni foni, sukulu iletse magulu a mapemphero osakanikirana, ndipo akafunsa mafunso otere adzudzulidwe pomwepo asanazolowere.

Ine sindikugwirizana nawo maganizo amenewa. Mafunso a wophunzira wa zaka 14 kapena 16 pa nkhani ya Mulungu si chizindikiro chakuti chikhulupiriro chake chafa. Ndi njira imene chikhulupiriro chomwe anachipeza kwa makolo chimadzera kuti chikhale chakechake. Ntchito ya kholo, mphunzitsi ndi mtsogoleri wa chipembedzo ndi kuwamva mafunsowo, kuwayankha moona mtima, ndi kuwadziwa anzake a mwanayo m'malo mowathamangitsa. Ndikunena izi monga munthu wokhulupirira, amene ndimafunitsitsa kuti ana akule akudziwa Mulungu. N'chifukwa chake njira yokakamiza imandidetsa nkhawa kwambiri, pakuti nthawi zambiri imataya chinthu chomwe ikufuna kuteteza.

Tiyambe ndi kumvetsa zomwe zikuchitika mwa mwana wa msinkhu umenewu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerengera unyamata kuyambira zaka 10 mpaka 19, ndipo akatswiri anapeza kuti mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kulingalira zotsatira za zochita zake, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Pa zaka zomwezi mwana amayamba kutha kuganiza mozama za zinthu zosaoneka ndi maso: chilungamo, imfa, choonadi, ndi chifukwa chake anthu osalakwa amavutika. Mwana wa zaka 7 mukamuuza kuti Mulungu amayankha mapemphero, amavomera n'kuthamanga kukasewera. Wa zaka 15 amakumbukira kuti anapempherera mnzake wa m'kalasi amene ankadwala, mpaka kusala kudya, koma mnzakeyo anamwalirabe, ndipo akufuna kudziwa kuti pemphero lija linathera kuti. Palibe amene wamunong'oneza funso limeneli, labwera ndi kukula. Onjezerani pamenepo moyo wa tsiku ndi tsiku wa kusukulu. M'mawa ali m'phunziro la sayansi akuuzidwa kuti asavomereze yankho lopanda umboni. Masana akuphunzira mbiri yakale, akumva za nkhondo zomwe anthu anamenyana m'dzina la chipembedzo. Madzulo ali ku kalabu ya mtsutso, akuphunzitsidwa kuikira kumbuyo mfundo yomwe iye sagwirizana nayo. Usiku, ngati ali pa sukulu yogonera komweko, bedi loyandikana ndi lake ndi la mnzake amene amapembedza tsiku lina ndiponso mwa njira ina, koma ndi yemweyo amene anachezera naye usiku wonse atadwala. Makolo ndi amene amalipira fizi kuti mwana aphunzire kufunsa kuti "chifukwa chiyani". Sizingatheke kuti luso limeneli lizigwira ntchito pa masamu ndi sayansi pokha, kenako lizime akafika pa nkhani ya Mulungu.

Katswiri wa maganizo a anthu James Marcia, potsatira ntchito ya katswiri mnzake Erik Erikson, anafotokoza mu 1966 kuti achinyamata amasiyana pa momwe amafikira podziwa chomwe iwo ali ndi chomwe amakhulupirira. Ena amangotenga zomwe anauzidwa osazilingalira, ena amakhala pakati pofufuza, ena amafufuza kenako n'kusankha, ndipo ena safufuza komanso sasankha. Iye anaona kuti a gulu loyamba lija, omwe amaoneka okhazikika kwambiri pamaso pa akulu, amatsamira kwambiri pa kumvera aliyense wolamula. Apa ndi pomwe ine ndimaonapo ngozi. Mwana amene waphunzira kuti kukhulupirira ndiko kuvomera mawu a munthu wamphamvu popanda kufunsa, tsiku lina adzachoka pakhomo, ndipo munthu wamphamvu amene adzakumane naye sadzakhalanso bambo kapena mayi ake. Akhoza kukhala mlaliki wonyenga wofuna ndalama zake, kapena mwamuna wachikulire wolankhula mokoma m'dzina la Mulungu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mawu amenewa sasiya kugwira ntchito munthu akalowa m'nyumba yopemphereramo.

Komabe amene akutsutsana nane ali ndi mfundo zomveka, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Yoyamba ndi yakuti m'mera mpoyamba. Iwo amati kholo linapatsidwa udindo wolera mwana m'njira ya Mulungu, ndipo amatchula Miyambo 22:6: "Phunzitsa mwana poyamba njira yake, ndipo angakhale atakalamba sadzachokamo." Kwa iwo, kulola mwana kukayikira ndiko kutaya udindo umenewu, pakuti mwana sanakhwime moti n'kuweruza zinthu zomwe zinavuta ngakhale akuluakulu ophunzira. Ndikuvomereza kuti udindowo ulipo, ndipo kholo lomwe limangoti "adzasankha yekha akadzakula" osamuphunzitsa kanthu lalakwira mwana wake. Koma kuphunzitsa ndi kutseka pakamwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo malemba omwewo amaonetsa kusiyanaku momveka. Pa Eksodo 12:26 ndi pa Deuteronomo 6:20 makolo akuuzidwiratu kuti ana awo adzawafunsa tanthauzo la zomwe banja likuchita popembedza, ndipo lamulo lomwe akupatsidwa ndi lakuti ayankhe. Luka akutiuza kuti Yesu ali ndi zaka 12 anapezeka m'Kachisi atakhala pakati pa aphunzitsi, akuwamvetsera ndi kuwafunsa mafunso. Tomasi atakana kukhulupirira asanaone, sanachotsedwe pagulu, anaonetsedwa mabala. Bambo wa mwana wodwala pa Marko 9:24 anafuula kuti, "Ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga," ndipo mwana wake anachiritsidwa. M'Qur'an namonso, pa 2:260, Ibrahim akupempha Mulungu kuti amuonetse momwe amaukitsira akufa, ndipo atafunsidwa ngati sakukhulupirira, akuyankha kuti akukhulupirira koma akufuna kuti mtima wake ukhazikike. Al-Ghazali, mmodzi mwa aphunzitsi olemekezeka kwambiri m'Chisilamu, amene anamwalira mu 1111, analemba yekha kuti ali wachinyamata anaona kuti ana a Akhristu amakula ali Akhristu, a Ayuda ali Ayuda, a Asilamu ali Asilamu, ndipo zimenezi zinamuchititsa kufufuza chomwe chili choonadi. Limenelitu ndi funso lomwelo limene mwana wa kusekondale amabwera nalo kutchuthi. Ngati funsoli silinawononge Al-Ghazali koma linamukhwimitsa, n'chifukwa chiyani timaliyesa matenda likatuluka m'kamwa mwa mwana wathu?

Mfundo yachiwiri ndiyo yamphamvu kwambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono. Iwo amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mwana wabwino akalowa m'gulu loipa amasintha, ndipo aliyense waonapo zimenezi ndi maso ake. Paulo analemba pa 1 Akorinto 15:33 kuti "mayanjano oipa aipsa makhalidwe okoma," ndipo m'Chisilamu muli chiphunzitso chodziwika chofanizira bwenzi labwino ndi wogulitsa mafuta onunkhira, bwenzi loipa ndi wopemerera moto wa osula zitsulo. Kafukufuku nayenso akuikira umboni. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg ku America anapatsa anthu a misinkhu yosiyanasiyana masewera a pa kompyuta oyendetsa galimoto. Achinyamata a zaka 13 mpaka 16 ankachita zinthu zangozi kwambiri anzawo akamawaonerera kusiyana ndi pamene anali okha, pomwe akuluakulu sanasinthe kwenikweni. Augustine, mmodzi mwa aphunzitsi otchuka m'Chikhristu, amene anabadwa mu 354 ku Thagaste m'dziko lomwe lero ndi Algeria, anafotokoza momwe ali ndi zaka 16 anakabera zipatso usiku pamodzi ndi anzake, osati chifukwa cha njala, ndipo anavomera kuti akanakhala yekha sakanachita zimenezo. Choncho kholo loopa anzake a mwana silikuopa mthunzi chabe.

Funso lenileni ndi lakuti: kodi kuletsa ubwenzi kumathetsa vutoli? Apa ndi pomwe ndikusiyana nawo, pa zifukwa zingapo. Choyamba, sikuti nthawi zonse anzake ndi amene amasintha mwana. Denise Kandel, pofufuza maubwenzi a ophunzira a kusekondale ku New York, anasonyeza mu 1978 kuti mabwenzi amafanana pa zifukwa ziwiri: amatengerana makhalidwe, komanso amasankhana chifukwa anali ofanana kale. Ndiye kuti mtsikana amene wayamba kucheza ndi anzake okonda kufunsa mafunso mwina anawafunafuna yekha chifukwa mafunsowo anali nawo kale mumtima, ndipo kunyumba analibe wowauza. Mukamulekanitsa ndi anzakewo, mwachotsa anthu omumvetsera, koma funso lija latsala pomwepo. Kuwonjezera apo, kuletsa kumabala zosiyana ndi zomwe timafuna. Loes Keijsers ndi anzake anafufuza mabanja ku Netherlands ndipo mu 2012 anafalitsa zomwe anapeza: achinyamata omwe makolo awo ankawaletsa kucheza ndi anzawo ena ankayamba kuyenda kwambiri ndi anzawo opulupudza, ndipo khalidwe lawo linkaipiraipira. Izi n'zosadabwitsa kwa aliyense wodziwa moyo wa kusukulu. Kholo likhoza kulamula kunyumba kuti "usayendenso ndi ujeni," koma ujeniyo amakhala naye desiki imodzi maola ambiri tsiku lililonse, amabwerekana mabuku, ali m'timu imodzi ya mpira. Chomwe lamulolo lasintha n'chakuti tsopano mwana waphunzira kubisa.

Kubisaku ndiko kuyenera kutiopsa kuposa china chilichonse. Håkan Stattin ndi Margaret Kerr anafufuza ana a zaka 14 oposa 700 ku Sweden, ndipo mu 2000 anaonetsa kuti zambiri zomwe makolo amadziwa za komwe ana awo amapita ndi omwe amacheza nawo sizichokera ku kulondalonda kapena kufunsa ngati wapolisi, koma ku zomwe anawo amaulula mwa kufuna kwawo. Ana omwe ankamasuka kuuza makolo awo zinthu ndi amene anali ndi mavuto ochepa a khalidwe. Taganizani mabanja awiri. M'banja loyamba mnyamata akuti, "Amayi, mnzanga uja akuti Mulungu kulibe, ndipo ine ndinasowa chomuyankha." Mayi akukalipa, akulanda foni, akulamula kuti dzina la mnzakeyo lisamvekenso pakhomo. M'banja lachiwiri mayi akufunsa kuti, "Iyeyo akuti chifukwa chake n'chiyani? Nanga iwe ukuganiza bwanji?" Kenako akuti, "Udzabwere naye kuno ndidzamuone." Teremu yotsatira anyamata onse awiri akumana ndi vuto lalikulu, mwina wina wawapatsa chamba, mwina mphunzitsi wina wayamba kuwachita zosayenera. Ndi uti mwa awiriwa amene adzathamangire kwa mayi ake? Woyamba uja waphunzira kale kuti kunena zoona kumabweretsa chilango. Mayi ake adzakhala ndi mtendere poganiza kuti mwana wawo wasiya zopusa, pomwe iye wangosiya kuwauza.

Tisaiwalenso kuti mphamvu ya mabwenzi imakokera mbali zonse ziwiri. Timakumbukira msanga mnzake amene anamuphunzitsa kujomba kusukulu, koma sititchula amene amamudzutsa m'bandakucha kuti akawerenge, amene anamufotokozera masamu omwe mphunzitsi anawadutsa mothamanga, amene anakhala naye chete tsiku lomwe analandira uthenga wa maliro, kapena amene anamuuza mosabisa kuti chibwenzi chomwe wayambacho chimugwetsa. Nthawi zina mnzake wotereyu ndi wa chipembedzo china. Mtsikana wachikhristu akaona mnzake wachisilamu akudzuka kukapemphera kusanache ngakhale pa nthawi ya mayeso, amayamba kudzifunsa za pemphero lake lomwe. Mnyamata wachisilamu akafunsidwa ndi mnzake chifukwa chake amasala, amakakamizika kupeza yankho lomwe ndi lake, osati longoloweza. Ambiri amene anakhwima m'chikhulupiriro anayamba kuchimvetsa tsiku lomwe munthu wina anawafunsa funso lomwe analibe yankho lake.

Sindikunena kuti kholo lisalowererepo zivute zitani. Pali nthawi yomwe kudikira n'kulakwa. Ngati "mnzakeyo" ndi munthu wamkulu amene akufuna kumakumana ndi mwana mobisa, ngati pali mankhwala ozunguza bongo, ngati mwana akumenyedwa kapena kuopsezedwa, kholo ndi sukulu achitepo kanthu tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso gulu la mapemphero lomwe likuuza ophunzira kuti asiye kumwa mankhwala a kuchipatala, kuti kuwerenga n'kosafunika chifukwa mayeso adzakhoza ndi pemphero lokha, kuti apereke ndalama zomwe anapatsidwa kuti azigwiritsa ntchito kusukulu, kapena kuti makolo awo ndi adani a moyo wawo wauzimu. Gulu lotere liyenera kuimitsidwa. Koma taonani chizindikiro chake chachikulu: ndi gulu lomwe silifuna mafunso. Mwana amene anazolowera kunyumba kufunsa kuti "zalembedwa pati?" ndi "chifukwa chiyani?" ndi amene amalizindikira msanga. Muyeso wake ukhale zochita, osati dzina la mpingo kapena chipembedzo cha mnzakeyo.

Mfundo yachitatu imachokera makamaka kwa aphunzitsi ena ndi makolo oda nkhawa ndi mayeso. Iwo amati sukulu ndi malo a maphunziro, ndipo magulu a mapemphero, makalabu ndi macheza zimadya nthawi yowerenga, choncho zichepetsedwe kapena zithetsedwe. Kuti nthawi iyenera kugawidwa bwino, palibe wotsutsa, ndipo sukulu ili ndi ufulu wonena kuti misonkhano yotere izichitika nthawi yakuti, pamalo akuti, mphunzitsi wakuti akudziwa. Koma wophunzira amene mtima wake wasweka, amene alibe womuuza zakukhosi, sawerenga ngakhale mutamutsekera m'kalasi mpaka usiku. Maso amakhala pa buku, maganizo ali kwina. Komanso kuthetsa magulu odziwika sikuthetsa kusonkhana, kumangokusamutsira kuseri kwa hositelo ndi m'magulu a pa foni komwe kulibe wamkulu aliyense womva zomwe zikuphunzitsidwa.

Ena amafika ponena kuti zonsezi ndi nzeru za anthu olimbikitsa ufulu wa ana, zomwe zikulanda makolo mphamvu. "Malinga akudya zanga ndi kugona m'nyumba mwanga, achita zomwe ndanena." Mawu amenewa ndimawamvetsa, chifukwa amachokera kwa kholo lomwe lavutikira mwana wake. Koma ngakhale mapangano a ufulu wa ana omwe amadandaulidwawo sanena zomwe anthu amaganiza. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, pa gawo 14, limati mwana ali ndi ufulu wa maganizo, chikumbumtima ndi chipembedzo, koma pomwepo likunenanso kuti makolo ali ndi ufulu ndi udindo womutsogolera molingana ndi kukula kwa nzeru zake. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu ndi umoyo wa ana la 1990 likunena zofanana pa gawo 9, ndipo pa gawo 31 likuwonjezera kuti mwana ali ndi udindo wolemekeza makolo ndi akulu. Mfundo yaikulu ndi imeneyo ya kukula kwa nzeru: chitsogozo choyenera mwana wa zaka 6 si chomwecho choyenera wa zaka 16. Motero ine sindikuona cholakwika banja likanena kuti tsiku lopembedza onse okhala pakhomo amapitira limodzi, monga momwe limanenera nthawi yofikira panyumba madzulo. Limenelo ndi lamulo la pakhomo ndipo mwana alilemekeze. Chomwe kholo silingathe ndi kulamula mtima. Mungamukhazike pa benchi, koma simungamukhulupiriritse ndi ndodo, ndipo mukamukakamiza kunena kuti akukhulupirira pomwe akukayika, mwamuphunzitsa chinyengo pamaso pa Mulungu. Qur'an pa 2:256 ikunena kuti palibe kukakamiza m'chipembedzo. Paulo, atangouza ana kuti amvere makolo awo, akutembenukira kwa makolowo pa Aefeso 6:4: "Atate inu, musakwiyitse ana anu."

Pa nkhani yomweyi pali umboni womwe uyenera kutonthoza makolo omwe akuona ngati anzake a mwana awalanda malo. Christian Smith, amene anatsogolera kafukufuku wamkulu wa achinyamata ndi chipembedzo ku America kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anapeza kuti makolo ndi amene ali ndi mphamvu yaikulu pa moyo wauzimu wa ana awo, kuposa anzawo ndi atsogoleri a achinyamata. Vern Bengtson anatsatira mabanja oposa 300 ku California kwa zaka 35, ndipo mu 2013 anafotokoza kuti chikhulupiriro chimadutsa bwino kuchoka kwa makolo kupita kwa ana pamene pali chikondi ndi kuyandikana, makamaka ndi bambo. Makolo odzipereka kwambiri pa chipembedzo koma ouma mtima ndi otalikirana ndi ana awo ankawataya kawirikawiri. Kafukufukuyu anachitika kudziko lina, inde, koma zomwe akunena n'zomwe munthu aliyense amaziona. Mwana amaonerera. Amaona ngati bambo amene amatsogolera pemphero madzulo ndi yemweyo amene amanyoza mayi m'mawa. Amamva anthu akamajeda anzawo pochokera kopembedza. Mafunso ambiri omwe timati awatenga kwa anzawo anabadwira pakhomo pomwepo, chifukwa cha kusiyana kwa zomwe akulu amanena ndi zomwe amachita, ndipo kuloza chala mnzake wa kusukulu kumakhala kopepuka kusiyana ndi kuyang'ana pamenepo.

Yatsala mfundo yowawa kwambiri, yomwe makolo ambiri saitchula poyera koma ndi imene ili pansi pa mkangano wonsewu: nanga akafunsa, ife n'kumulola, iye n'kuchokadi? Nanga akasiya kupemphera, kapena akalowa chipembedzo china? Sindinganame kuti zimenezi sizichitika. Zimachitika, ndipo kwa kholo lokhulupirira ululu wake ndi waukulu, chifukwa kwa iye nkhaniyi ikukhudza moyo wosatha wa mwana wake. Koma kukakamiza sikutseka khomo limenelo. Kumangochedwetsa kuchokako mpaka tsiku lomwe mwana adzapite ku koleji kapena kukayamba ntchito, ndipo pamenepo amachoka mwakachetechete, ali ndi mkwiyo, osafunanso kumva chilichonse chokhudza Mulungu wa makolo ake. Mbiri ya Augustine yemwe uja ikutiphunzitsa kanthu apa. Atapita kukaphunzira ku Carthage anasiya chikhulupiriro cha mayi ake Monica n'kulowa gulu la chipembedzo china lotchedwa Amanikeo, momwe anakhalamo pafupifupi zaka 9. Poyamba Monica anamukaniza kukhala m'nyumba mwake ndi kudya naye pamodzi, koma pambuyo pake anasintha maganizo n'kumulandiranso. Atapempha bishopu wina kuti akatsutsane ndi mwana wakeyo, bishopuyo anakana, nati mnyamatayo sanakonzeke kumva, amusiye awerenge yekha ndipo iye apitirize kumupempherera. Augustine anabatizidwa ku Milan mu 387 ali ndi zaka 32, atamvetsera maulaliki a Ambrose, bishopu wa mumzindawo, amene ankayankha mafunso omwe ankamuvutitsa kuyambira unyamata. Si mwana aliyense amene nkhani yake imatha chonchi, koma kubwerera kunatheka chifukwa mayi ake sanadule ubale, ndiponso chifukwa anapeza mphunzitsi amene sanaope mafunso ake.

Aphunzitsi otere ndi amene akusowa, ndipo pamenepa atsogoleri a zipembedzo ali ndi ngongole kwa achinyamata. Maphunziro ambiri a achinyamata m'mipingo ndi m'mizikiti amakhala oloweza mayankho a mafunso omwe anawo sanafunse, pomwe mafunso awo enieni, okhudza sayansi ndi chilengedwe, kuvutika kwa osalakwa, chikondi ndi thupi lawo lomwe likusintha, tsogolo la mnzawo wa chipembedzo china, amayankhidwa ndi mawu amodzi akuti "usamaganize zimenezo". Zikatero mwana amapita kukafunsa pa intaneti, komwe woyankha amapezeka nthawi iliyonse ndipo palibe amene amamufunsa ngati akudziwadi zomwe akunena. Mtsogoleri wa achinyamata angathe kupatula nthawi yoti ophunzira alembe mafunso awo pa timapepala popanda maina, iye n'kumawayankha limodzilimodzi. Mphunzitsi woyang'anira gulu la mapemphero pasukulu azikhala nawo pa misonkhano yawo, osati kungosaina dzina pa chiyambi cha teremu. Ndipo kholo likafunsidwa funso lomwe silikudziwa yankho lake, linene kuti, "Mwanawe, limeneli landivuta, tiye tikafunse limodzi kwa odziwa," kenako lipitedi naye.